Amayi atha miyezi 14 kunyumba ya okalamba: zimene ndikuona tsopano

Amayi atangotha masabata 6 kunyumba ya okalamba kumene akukhala, ndinalemba maganizo anga oyamba. Ndinayamikira ukhondo, zipinda zowala bwino ndi makonde okhala ndi zogwirira mbali zonse ziwiri. Koma chimene chinanditenga mtima kwambiri chinali ndandanda ya zochita imene anaikhoma pakhomo la chipinda chodyera. Tsiku lililonse linali ndi zake: masewera olimbitsa thupi m'mawa, bingo (masewera a manambala), kuluka, kwaya, kanema madzulo. Ndinalemba kuti munthu sangasungulumwe pamalo otere. Papita miyezi 14 tsopano, ndipo mawu amenewo ndikuwabweza. Malowo ndi abwino ndithu, amayi sitikuwachotsako, koma ubwino wake suli pamene ndinkaloza chala paja. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ine ndinalemba ndisanadekhe.

Amayi ali ndi zaka 81, ndipo anali mphunzitsi wa ana a makalasi oyamba moyo wawo wonse wa pantchito. Nzeru zawo zili bwinobwino. Chimene chimawavuta ndi BP, nyamakazi ya m'mawondo ndi makutu amene samva kwenikweni. Anagwa kawiri kunyumba kwawo, ndipo ulendo wachiwiriwo anagona pansi m'bafa usiku wonse mpaka achimwene anga anawapeza m'mawa. Fupa silinathyoke, koma tonse tinadziwa kuti zokhala okha zatha. Malo amene tinawapezerawa ali ndi zigawo zitatu: cha amene amadzichitira okha zonse, cha amene amafuna thandizo posamba ndi pakumwa mankhwala, ndi cha amene ali ndi matenda oiwalaiwala. Amayi ali m'chigawo chapakati. Ine ndimapitako kawiri pa sabata.

Mwezi woyamba ankapita ku chilichonse cha pandandanda paja. Pofika mwezi wachitatu anasiya zonse. Ndikafika ndinkawapeza m'chipinda mwawo atakhala pampando, nkhope ataloza kuwindo, manja ali pamiyendo. Ndikafunsa osamalira, yankho linali limodzimodzi: agogo adya bwino, agona bwino, mankhwala amwa. Sankandinamiza ayi, zonsezo zinali zoona. Koma munthu amene ndinkamuonayo anali kuzimirira pang'onopang'ono ngati moto wosasonkhezera.

Amene anatulukira chifukwa choyamba ndi mtsikana wina wosamalira, amene ankawasambitsa m'mawa. Anaona kuti akawalankhula ali kumbuyo kwawo sayankha, chonsecho zothandizira kumva zija zili m'makutu. Atazichotsa anapeza kuti china batire linatha kalekale, chinacho chinatsekeka ndi phula la m'khutu. Amayi anakhala akuvala zinthu zakufa masabata angapo osauza munthu. Nditawafunsa anati, "Ndimaona ngati makutu atheratu basi, nanga ndikanadandaulira ndani?" Ku bingo sankamva manambala, kuchipinda chodyera anthu 20 akamalankhula nthawi imodzi ankangomva phokoso, ndiye anaona kuti kuli bwino kukhala okha kusiyana n'kumangogwedeza mutu pa zimene sakumva. Chimene chinandipweteka n'chakuti pafomu yawo panalembedwa kuti amavala zothandizira kumva, koma panalibe amene anapatsidwa ntchito yoziyang'ana. Tsopano amaziona Lolemba lililonse, ndipo ine ndimasunga mabatire m'chikwama changa. Nkhaniyi si yaing'ono. Gulu la akatswiri la magazini ya zachipatala ya The Lancet, mu lipoti lake la 2020, linaika kusamva pa mndandanda wa zinthu 12 zimene zimawonjezera chiopsezo cha matenda oiwalaiwala koma zili zotheka kuchitapo kanthu. Ngati kholo lanu layamba kuthawa anthu pamalo otere, yambani mwaona makutu ndi maso musanaganize kuti ndi mtima.

Makutu atatseguka amayi anasintha, koma osati kwambiri monga ndinkayembekezera. Ankapita kukwaya n'kubwerako, osanenapo kanthu. Tsiku lina ndikuwapesa tsitsi ndinawafunsa kuti, "Amayi, kodi chikukusowani n'chiyani kuno?" Anakhala chete kanthawi, kenako anati, "Mwanawe, kuno kulibe chondidikira. Ndikadzuka bedi andiyalira, mbale anditsukira, zovala andipindira. Nditagona tsiku lonse palibe chingawonongeke." Mawu amenewa ndi amene anasintha mmene ndimaonera malo onsewa. Ndandanda ija inali yodzaza ndi zinthu zowachitira okalamba. Munalibe ngakhale chimodzi chimene okalambawo amachitira wina. Munthu amene kwa zaka zambirimbiri ana 60 ankamudikira m'kalasi m'mawa uliwonse sungamudzutse ndi bingo.

Pambuyo pake ndinadzawerenga kuti zimenezi zinadziwika kale. Mu 1976 akatswiri awiri a za maganizo, Ellen Langer ndi Judith Rodin, anachita kafukufuku kunyumba ina ya okalamba ku Connecticut, m'dziko la America. Gulu lina analiuza kuti lizisankha lokha zinthu monga kaikidwe ka mipando m'chipinda ndi tsiku loonera kanema, ndipo aliyense anapatsidwa duwa la mumphika loti azilisamalira yekha. Gulu linalo linapatsidwanso maluwa, koma linauzidwa kuti anamwino ndi amene azithirira. Patangotha masabata atatu, a gulu loyamba lija anali achangu ndi osangalala kuposa anzawo. Dokotala winanso, Bill Thomas, chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 anabweretsa agalu, amphaka ndi mbalame m'nyumba ya okalamba ina m'chigawo cha New York. Iye ankati miliri itatu imene imadya anthu m'malo otere ndi kusungulumwa, kunyong'onyeka ndi kudziona ngati wopanda chochita pa moyo wako. Nditawerenga zimenezi ndinaona amayi anga ali pawindo paja.

Ndinakakumana ndi mayi amene ankayang'anira zochitazo, ndipo pano ndiyenera kuyamikira, chifukwa anandimvetsera mpaka kumapeto osadziteteza. Patapita sabata anabwera ndi zinthu ziwiri. Choyamba, kuseri kwa chigawo chawo kunali mabedi a maluwa okwezedwa kufika m'chiuno, oti munthu atha kugwirapo ntchito osawerama, koma ankawasamalira wantchito wa panja. Anatengapo awiri n'kuwapereka kwa amayi ndi abambo ena awiri. Anawauza mosabisa kuti wantchito uja sakhudzanso pamenepo, akapanda kuthirira mbande ziuma. Chachiwiri ndi chimene chinakhala chachikulu. M'chigawo chomwecho munali agogo ena a zaka zoposa 90 amene maso anachita khungu, ndipo kale ankakonda kuwerenga. Anapempha amayi kuti aziwawerengera masana alionse.

Sindidzaiwala tsiku limene ndinafika 2 koloko masana n'kupeza m'chipinda mulibe munthu. Ndinawapeza kumapeto kwa khonde, magalasi ali pamphuno, akuwerenga ndi mawu awo a m'kalasi aja, okweza, otchula liwu lililonse. Atandiona anangokweza dzanja kuti ndidikire, mpaka anamaliza mutu wonsewo. Pasanathe miyezi iwiri omvetsera anafika 5, ena ali pawilutcheya. Amayi anayamba kundituma mabuku a zilembo zikuluzikulu, ndipo usiku ankayamba awerenga okha kuti mawa asakakhumudwe pa mawu ovuta. Anayambanso kusamala za kavalidwe. Zimenezi palibe anazilemba pandandanda ya pakhomo ija.

Pa zinthu zimene zili pandandandapo, chimene ndaona kuti n'chaphindu ndithu ndi masewera olimbitsa thupi, koma osati onse. Pali a m'mawa uliwonse, okhala pampando n'kumakweza manja potsatira nyimbo. Amenewa ndi ocheza chabe, amasangalatsa koma miyendo sailimbitsa. Aphindu ndi amene amachititsa a fizo, akatswiri owongola mafupa ndi minofu, katatu pa sabata kwa mphindi pafupifupi 30, pa kagulu ka anthu ochepa. Anandiuza kuti amatsatira njira ya Otago, imene inakonzedwa ku yunivesite ya Otago ku New Zealand, ndipo pa kafukufuku wake inachepetsa kugwa kwa okalamba ndi 35 peresenti. Zochitazo n'zosavuta kuziona: kudzuka pampando n'kukhalanso osagwira ndi manja, kuima ndi mwendo umodzi utagwira tebulo, kuyenda cham'mbali, kuyenda chidendene chikugunda zala za phazi linalo, kuwongola bondo atamangirira kolemera pakakolo. Kolemerako amakawonjezera pang'onopang'ono munthu akamazolowera. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti anthu a zaka 65 kupita m'tsogolo azichita masewera olimbitsa minofu ndi othandiza kuima mosadzandira masiku atatu kapena kuposerapo pa sabata, kuwonjezera pa mphindi 150 mpaka 300 za kuyenda kapena ntchito ina yotenthetsa thupi. Bungwe lomweli limati mwa anthu 100 a msinkhu umenewu, 28 mpaka 35 amagwa chaka chilichonse.

A fizo amawayeza miyezi itatu iliyonse. Amawakhazika pampando, n'kuwauza kuti adzuke, ayende mamita 3, atembenuke, abwerere n'kukhalanso, iwo akuwerenga masekondi. Munthu akatenga masekondi 12 kapena kuposa amamuona kuti ali pachiopsezo chogwa. Amayi anayamba ndi 19, pano ali pa 14. Sanatulukebe m'gulu la oopsezedwa, koma akudzuka pachimbudzi okha, chimene chaka chatha sankatha. Poyamba ankazemba masewerawa ponena kuti mawondo akupweteka. Chimene chinawabweza ndi dimba lija, chifukwa keni yodzaza madzi ankalephera kuinyamula ndipo sankafuna kuti abambo aja aziwanyamulira tsiku ndi tsiku.

Tsopano ndinene zimene sizili bwino, chifukwa zilipo, ndipo china chinatsala pang'ono kutilanda amayi.

M'mwezi wa 9 anagwa usiku. Anadzuka cha m'ma 2 koloko kuti apite kuchimbudzi, analiza belu, ndipo atadikira osaona munthu anadzuka okha. Chizungulire chinawagwira ali pakati pa chipinda. Anatupa pachipumi ndi padzanja, mwamwayi osathyoka. Buku la mabelu, lolembamo nthawi imene belu lalira ndi imene layankhidwa, linaonetsa kuti wosamalira anafika patatha mphindi 25. Sindikumuimba mlandu mwanayo. Usiku umenewo analipo awiri okha pa chigawo cha anthu oposa 20, ndipo onse awiri anali kwa munthu wina amene anadwala mwadzidzidzi. Vuto ndi la amene amakonza kagwiridwe ka ntchito. Masana malowa amadzaza ndi antchito, usiku amatsala mbee. Paulendo wathu woyamba woona malo tinafunsa za chakudya, za dokotala ndi za zochita, koma palibe mwa ife anafunsa kuti usiku kumatsala anthu angati. Funso limeneli mulifunse, ndipo mupemphe kuona buku la mabelu ndi maso anu.

Titafufuza tinapezanso kuti masabata awiri m'mbuyomo anali atawayambitsa mapiritsi ogonetsa, chifukwa anadandaula kuti sakupeza tulo. Ife a pabanja sanatiuze. Mapiritsi otere amadziwika kuti amagwetsa okalamba, makamaka akaphatikizana ndi a BP, chifukwa munthu akadzuka msanga magazi sathamangira kumutu mokwanira. Tinapempha kuti dokotala aonenso mankhwala onse pamodzi. Anali mitundu 7, anatsala 5, ndipo ogonetsawo anawasiyitsa pang'onopang'ono. Anawaphunzitsanso kuyamba akhala kaye m'mphepete mwa bedi mphindi imodzi asanaime, ndipo anaika kanyali ka pansi kamene kamayaka kokha munthu akasuntha. Oyang'anira anapepesa, ndipo tsopano mankhwala akasintha amandiimbira foni tsiku lomwelo. Koma antchito a usiku akadali awiri mpaka lero.

Sabata yotsatira kugwa kuja amayi anasokonezeka mutu. Ankanditchula dzina la mng'ono wawo amene anamwalira kalekale, ndipo ankafunsa ngati belu la sukulu lalira. Ndinalira njira yonse pobwerera, ndikuganiza kuti matenda oiwalaiwala aja afika. Namwino wamkulu ndi amene anati tiyambe tayeza mkodzo, ndipo anapezeka ndi matenda a m'chikhodzodzo. Atalandira mankhwala, patatha masiku anayi anali amayi anga omwe aja. Atagwa paja anachepetsa dala kumwa madzi kuti asamadzuke usiku, ndipo okalamba ludzu salimva msanga, choncho palibe anaona. Namwinoyo anandiuza kuti kusokonezeka kobwera mwadzidzidzi, m'maola kapena m'masiku ochepa, nthawi zambiri kumakhala ndi chochititsa m'thupi, ndipo kumafuna dokotala tsiku lomwelo. Anandithandiza kwambiri mayi ameneyu.

China chosasangalatsa ndi kusinthasintha kwa antchito. Mwa osamalira 6 amene ndinawadziwa mayina mwezi woyamba, atsala awiri. Mtsikana wa makutu uja anachoka. Wobwera kumene aliyense amayamba kuwaphunzira amayi kuyambira pachiyambi: kuti salola kuwagwira dzanja lamanzere podzuka, kuti amafuna kusamba asanadye, kuti akati "ndili bwino" motsitsa mawu ndiye kuti sali bwino. Zotere sizilembeka pafomu. Mayi woyang'anira zochita uja nayenso anachoka m'mwezi wa 11, ndipo apa ndinaonapo kanthu. Kwaya inafa sabata yomweyo, gulu loluka linatha, chifukwa zonsezo zinkadalira iye. Dimba ndi kuwerenga sizinaime ngakhale tsiku limodzi, chifukwa eni ake anali okalamba omwewo.

Za chakudya ndilibe zambiri. N'chokwanira, chimafika chotentha, ndipo amasamala za mchere ndi shuga kwa amene akufunika kutero. Dandaulo langa ndi nthawi. Chamadzulo amadya 5 koloko kuti a kukhitchini aweruke, ndiye kuchokera pamenepo mpaka nthawi yogona palibe chochitika kupatula TV. Loweruka ndi Lamlungu ndiye ndandanda ija imakhala ya papepala chabe. Amene mukufuna kuona malo otere, musapite Lachiwiri m'mawa pamene akukuyembekezerani. Pitani Lamlungu 4 koloko madzulo, mukhale pakhonde ola lathunthu, muone ngati anthu akulankhulana, ndiponso ngati wantchito akamadutsa amaima n'kutchula munthu dzina.

Pali chinthu chimodzi chimene sindinachiganizire ngakhale pang'ono pamene tinkawapititsa kumeneku. Amene amapeza anzake pamalo otere amaikanso maliro ambiri. Agogo osaona aja anamwalira m'mwezi wa 12. Anawatulutsa usiku kudzera khomo lakumbuyo, ndipo kutacha chipinda chinali chotseka, dzina lachotsedwa pachitseko. Amayi anafika ndi buku lawo 2 koloko monga mwa masiku onse, n'kumva kwa wokolopa. Oyang'anira anati amachita choncho kuti asadetse nkhawa enawo. Ndikumvetsa kuti cholinga chawo n'chabwino, koma akulakwitsa. Anthu a zaka 80 ndi 90 imfa amaidziwa kuposa tonsefe. Chimene chinawapweteka amayi si imfayo yokha, koma kuona mmene munthu amafufutidwira msanga. Anandifunsa kuti, "Nanenso adzangochotsa kapepala pachitseko basi?" Ndinasowa chowayankha, ndinangowagwira dzanja.

Masiku atatu sanawerenge. Tsiku lachinayi iwo ndi anzawo awiri anapita okha kuofesi, ine osadziwa, kukapempha kuti mnzawo akamwalira aziuzidwa ndi namwino pamaso, osati kumva m'makonde, ndiponso kuti azipatsidwa mpata wosonkhana n'kumukumbukira. Anawalola. Tsopano munthu akamwalira chithunzi chake chimakhala patebulo la pakhomo sabata yathunthu, ndipo amene akufuna amasonkhana masana ena kunena zimene akumukumbukira nazo. Achita kale zimenezi kawiri, ndipo ulendo wachiwiriwo antchito ena anabwera nawo, mmodzi ali patchuthi.

Ndikanati ndisankhenso lero ndikanasankha malo omwewa. Amayi akuyenda bwino kuposa mmene anabwerera, mankhwala akumwa pa nthawi yake, ndipo ali ndi anthu amene amawafunsa akapanda kuwaona. Ndingawalimbikitse kwa banja limene lili ndi wina wotha kupitako pafupipafupi, chifukwa zonse zimene zinakonzeka kwa ife zinakonzeka wina ataona n'kulankhula. Kwa munthu amene amadzuka kawirikawiri usiku ndipo satha kuyenda yekha, sindingawalimbikitse mpaka atawonjezera antchito a usiku. Mabanja 8 tasainirana kalata pa nkhani imeneyi, ndipo tikukumana ndi oyang'anira kumapeto kwa mwezi uno.

Gulu lowerenga lija pano lili ndi anthu 7, ndipo amayi apeza wina wowalandira mawu akatha, abambo amene anali kalaliki. Amakangana pa kasankhidwe ka mabuku pafupifupi sabata iliyonse. Dzulo pochoka anandipatsa kapepala kolembapo zoti ndibweretse Lachisanu: mabatire a m'makutu, buku lina la zilembo zikuluzikulu, ndi magolovesi a m'dimba, chifukwa awo akale anabooka pachala.